Masabata Atatu Amene Sindinadikire

1

Dzina langa ndine Timoteyo, kwathu ndi ku Chiosya m'boma la Mchinji. Ndikulemba chifukwa kunena pakamwa kwandikanika.

Kwa zaka khumi ndi zinayi ndinali mlembi wa mpingo patchalitchi chathu. Zolengeza zonse za Lamulungu zinkadutsa pakamwa panga: maliro, misonkhano ya amayi, tsiku lokalambula kumanda, komanso maukwati. Pa maukwati ndi pamene ndinatchukira. Mwambo wake mukuudziwa: ukwati usanadalitsidwe umalengezedwa masabata atatu otsatizana, ndipo wolengeza amafunsa ngati alipo wina wodziwa chifukwa choti awiriwo asakwatirane. Alembi ambiri amangothamangapo pa funso limeneli. Ine ayi. Ndikafunsa, ndinkavula magalasi, kuika pepala pagome, n'kuyamba kuyang'ana mpingo benchi ndi benchi, kuchokera kwa azibambo, kupita kwa amayi, mpaka kukwaya. Ngakhale makanda ankakhala ngati asiya kulira. Achinyamata anandipatsa dzina loti a Dikirani, ndipo ndinkalikonda.

"Funso limeneli si langa, ndi la Mulungu," ndinkatero monyada. "Tizimupatsa mpata woti ayankhidwe."

Kawiri konse kudikira kwangako kunapulumutsa ana a eni. Tsiku lina mayi wina anaimirira kumapeto kwenikweni, mwana ali kumbuyo, n'kuloza mkwati. Anthu anandiyamikira mwezi wathunthu.

Ine ndi mkazi wanga Luwiza tinabereka ana anayi, anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi, chitsiriza, dzina lake Thandiwe. Thandiweyo anali telala, makina ake ali pakhonde la golosale kumsika, ndipo kolala ya malaya anga ikatha ankaitembenuza asanandiuze. Ine ndimalima mtedza ndi soya. Kawiri pamwezi ndinkakweza matumba panjinga yamoto, kudutsa paboda, kukagulitsa ku Chipata, n'kugona konko masiku awiri. Maulendo amenewa muwakumbukire.

2

Linali Loweruka masana, mwezi wa Juni, tikuthothola mtedza pabwalo, pamene Thandiwe anabwera ndi mlendo. Anali atawauza kale amalume ake, a Enoki, omwe ndi alongo ake a Luwiza, ndipo tsikulo linali longodzationetsa nkhope.

"Ababa, awa ndi a Gerald. Amayendetsa thiraki, amadutsa paboda pa Mchinji sabata iliyonse."

Mnyamatayo ananjuta bwinobwino, chipewa chili m'manja. Atadzutsa mutu, maso athu anakumana, ndipo mtedza umene unali m'manja mwanga unagwa.

Ndinkamudziwa. Gerald anali ndi mkazi ku Chipata, dzina lake Loveness. Chaka chimodzi m'mbuyomo, dzuwa likuswa mtengo, ndinamuona ndi maso angawa akumumenya mkaziyo ndi chitsulo chomasulira matayala chifukwa ndiwo zinapserera. Ndi ineyo amene ndinamukweza Loveness panjinga yanga kupita naye kuchipatala, magazi akutuluka m'khutu, mkono uli lendelende. Mkonowo sunawongokenso, ndipo khutu lakumanzere linagontha.

Luwiza anasangalala, anagwira nkhuku. Ine nyama ija inkangozungulira m'kamwa. Potsanzikana ndinati ndimuperekeze mlendo, ndipo titafika pamtengo wa mango kuseri kwa nkhokwe ndinamugwira pamkono.

"Iwe, mwana wanga umusiye. Lero lomwe."

Anaseka pang'ono, mwaulemu ndithu. "Bambo, zakale zinapita. Loveness tinasiyana, ndine munthu wina tsopano." Kenaka anatsitsa mawu. "Princess akupereka moni. Ine ndimasunga pakamwa, bambo. Ndikhulupirira inunso mumasunga."

Princess ndi ndani, ndikuuzani, pirirani nane. Pakali pano dziwani kuti dzanja langa linamasuka lokha pamkono pake. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate umene Gerald anakhalapo unali wanga.

Patapita masiku, alamu anga a Enoki anabwera. Iwo ndiye anali nkhoswe ya Thandiwe, ndipo kufufuza mnyamata inali ntchito yawo.

"Alamu, makolo a mnyamatayu anali matenanti pa esiteti, akuti anabwerera kwawo ku Phalombe. Kumeneko n'kutali. Inu mumayenda kuboda, tamufunsirani kwa anzake. Mtima wanga sukukhazikika."

Ndinapita, ndinabwerako, sindinafunse munthu. "Ndi mnyamata wabwino, alamu," ndinawauza. "Samwa, sasuta."

Kusamwa ndi kusasutako kunali koona. Bodza langa ndinalikulunga m'zoona.

3

Lamulungu loyamba la chilengezo, abusa anandifunsa ngati ndingakonde kuti wina awerenge m'malo mwanga, poti mwana ndi wanga. Ndinakana. Ndinkaopa kuti wina angadikire.

Ndinawerenga maina awo. Ndinafunsa funso lija mawu akuthamangitsana, magalasi ali kumaso, ndipo ndisanapume n'komwe ndinalumphira pa za msonkhano wa amayi wa Lachinayi.

Kenaka abusa anakwera paguwa. Sankadziwa kanthu, ndikulumbira. Anatsegula buku la mneneri Ezekieli, pa nkhani ya mlonda woikidwa pamwamba pa linga kuti aziyang'ana adani. Anafotokoza kuti mlonda akaona lupanga likubwera n'kuliza lipenga, wosamverayo wadzipha yekha. Koma akaliona n'kukhala chete, munthu n'kufa, Mulungu adzafunsa magazi a munthuyo m'manja mwa mlondayo.

"Alipo mlonda muno amene waona lupanga?" anafunsa abusa, akupukuta thukuta. "Lipenga lili m'manja mwako. Ukudikira chiyani?"

Ine ndinali nditakhala pampando wanga wa ulembi, kutsogolo, moyang'anizana ndi mpingo wonse. Thandiwe anali mukwaya, akundimwetulira. Ndinaweramira m'kope langa n'kulemba mutu wa ulaliki ndi vesi yake mwaukhondo, monga mwa ntchito yanga. Kope limenelo ndikadali nalo.

Pobwerera kunyumba ndinadziuza kuti anthu amasintha. Kodi si zimene timalalikira? Onani mmene munthu amatengera mawu a Mulungu n'kutsekera nawo khutu kuti asamve mawu a Mulungu yemweyo.

4

M'mawa wa Lamulungu lachiwiri ndinamupeza Luwiza atakhala pakhonde, tsache lili pamiyendo, bwalo lisanasesedwe.

"Abambo a Thandi, ndalota zoipa."

"Mwayambanso malotowo?"

"Tamverani. Ndalota tili paboda. Thandi ali tsidya, wavala zoyera, akulira, akufuna kubwerera kuno. Chitsulo chotchinga msewu chija chili chotsitsa. Ndiye ndikuyang'ana amene wachigwira kuti chisakwere, ndikuona ndi inu."

Pakamwa panga panatuluka chiseko.

"Mayi aliyense amalota zotere mwana akamakwatiwa. Mwadya mtedza wambiri dzulo."

"Musandiseke. Ine sindilota kawirikawiri, mukudziwa. Ngati pali chimene mukudziwa za mnyamatayu, nenani. Ukwati si maliro, umaimitsika."

Anandiyang'ana m'maso, mkazi amene ndinakhala naye zaka makumi atatu ndi ziwiri. Khomo linali lotsegula, anali atanditsegulira yekha. Mawu anafika palilime, ndinawamva kulemera kwake. Ndinawameza.

"Palibe chimene ndikudziwa. Konzekani, tichedwa."

Tsikulo ndinathamanganso. Ndinaona anyamata a kwaya akugwedezana zigongono, mmodzi n'kunong'ona kuti a Dikirani afulumira kudya keke. Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo.

5

Lamulungu lachitatu ndinalawirira kuti ndikakonze mapepala. Belu loyamba litangolira, ndinaona mayi akutsika pakabaza pafupi ndi chitsime cha tchalitchi. Anavala chitenje chofiira, mkono wakumanja uli wokhota, ataugwirizira pamimba.

Anali Loveness. Anali atamva kwa madalaivala anzake a Gerald, ndipo anadzuka m'mamawa kuchokera ku Chipata, kudutsa boda, kufunsa njira mpaka kufika ku Chiosya. Atandiona nkhope yake inawala ngati waona mbale wake.

"Bambo! Ndimwe? Mulungu ni wabwino. Nabwera kuti nikambe pamene azafunsa. Mtsikana uja asaone vamene ninaona ine."

Ankalankhula mokweza chifukwa cha khutu lija, ndipo anthu anali atayamba kufika. Sankadziwa kuti mtsikanayo ndi mwana wanga. Ndinamukokera kuseri kwa tchalitchi. Tinalankhula mphindi zosakwana zisanu, kenaka anakweranso kabaza yemwe uja n'kubwerera.

Ndinalowa, ndinawerenga chilengezo chomaliza, ndinafunsa funso lija. Palibe anaimirira. Amayi analulutira.

6

Ukwati unali wokongola, sindinama. Diresi Thandiwe anasoka yekha. Gerald anapempha chitengwa, ankhoswe anavomera, ndipo anamutenga kukakhala naye m'nyumba ya lendi pafupi ndi boda. Makina ake osokera tinawakweza pathiraki.

Itatha miyezi isanu, Thandiwe anatulukira pakhomo tsiku la Lachiwiri, wopanda chikwama, diso lakumanzere litatupa mpaka kutsekeka. Poyamba anati anagunda chitseko. Amayi ake atamulowetsa kuchipinda, zinamveka zoona. Analinso ndi pathupi pa miyezi itatu.

A Enoki anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse. Tinakhala pansi pa mango uja. Gerald anagwada, analira misozi yeniyeni, anati ndi Satana. Ali chigwadire choncho anandiponyera diso kamodzi kokha, ndipo ndinamva zimene linkanena.

"Ine mtima wanga ukuti mwanayu atsale," anatero a Enoki. "Koma ndi koyamba. Alamu, inu ndinu munamufufuza, komanso ndinu mkulu wa mpingo. Mukuti bwanji?"

Aliyense anayang'ana ine. Ndinkadziwa kuti sikanali koyamba. Ndinali munthu yekhayo pabwalopo amene anaonapo kumene manja amenewo amathera.

"Banja ndi kupirira," ndinatero. "Munthu akalapa timamukhululukira."

Thandiwe anatembenuka, kundiyang'ana ndi diso lake limodzi lotsegukalo.

"Ababa, inunso mukuti ndibwerere?"

"Bwerera, mwanangu. Tizikupempherera."

Sanatsutse. Kuyambira ali wamng'ono, zimene ndanena ine zinali zomaliza kwa iye. Asananyamuke anatenga malaya anga a kutchalitchi pachingwe, n'kulumikiza batani limene linali lendelende.

7

Foni inalira masana, miyezi inayi pambuyo pake, ndili kumunda. Anali mayi woyandikana nawo nyumba. Mawu ake ankaduladula. Anati tibwere msanga, anati anamva kukuwa, anati atathyola chitseko Gerald anali atatulukira pawindo.

Thandiwe anamwalira ali m'galimoto, asanafike kuchipatala. Mwana amene anali m'mimba anapita naye limodzi. Gerald anathawira tsidya kudzera njira zam'tchire, ndipo apolisi anamugwira patapita miyezi iwiri. Ali kundende tsopano, koma zimenezo sizinadzutse munthu.

Za ulendo wokatenga thupi sindilemba. Ndingonena kuti pakhomo pawo makina osokera anali pakona, kansalu ka malaya a khanda kakadali pansi pa singano.

Pa tsiku loika maliro anthu anadzaza mpaka kumsewu. Ankandigwira dzanja, ankati Mulungu amayesa amene amawakonda, ena mpaka kundifanizira ndi Yobu. Mwambo wa mapemphero utatsala pang'ono kuyamba, bokosi lili pabwalo, ndinaona chitenje chofiira chikudutsa pakati pa amayi.

Loveness anagwada pamaso pa Luwiza. Ndikhulupirira ankafuna kunong'ona, koma munthu wogontha khutu sadziwa kukula kwa mawu ake. Bwalo lonse linamva.

"Amai, pepani. Ine ninali mkazi wa Gerald, onani mkono wanga. Ninabwera pa Sondo kutchalitchi kwanu kuti nikambe. Bambo aja ananibweza." Analoza ine ndi dzanja lake labwinolo. "Ananiuza kuti, 'Tamva kale zonse, ukwati tauimitsa, bwererani mumtendere.' Ine ninabwerera niyamika Mulungu. Sininadziwe kuti ni mwana wawo."

Amenewo ndiwo mawu amene ndinamuuza kuseri kwa tchalitchi. Mulungu ananditumizira mlaliki, ananditumizira loto, ndipo nditatseka makutu, ananditumizira munthu wa mkono wothyoka kuti adzalize lipenga limene ine ndinakana kuliza. Ine ndinamulanda lipengalo n'kumukweza pakabaza.

Luwiza anadzuka pang'onopang'ono, amayi awiri atamugwira.

"Abambo a Thandi, mayiyu mukumudziwa?"

"Ndikumudziwa."

"Munamudziwira kuti?"

Ndinayankha, pamaso pa abusa, pa ana anga, pa bokosi la mwana wanga. Ndinanena kuti ku Chipata ndinali ndi mkazi wina, dzina lake Keziya, kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Masiku awiri ogona kumalonda aja ndinkagona kwa iye. Tinabereka mwana wamkazi, ndiye Princess. Gerald ndi Loveness ankachita lendi khomo loyandikana ndi la Keziya, ndipo kumeneko ankandidziwa kuti ndine bambo a Princess. Ndikanaulula za Gerald, iye akanaulula za ine, ndipo ulembi, ulemu, dzina la a Dikirani, zonse zikanathera pompo.

A Enoki anadzuka ndi chibakera, anthu anawagwira. Ndikanakonda akanawasiya.

8

Mpingo unandichotsa paudindo, ndipo unachita bwino. Awiri mwa ana anga aamuna sandilankhula mpaka lero. Keziya atamva zonse anati ndisapondenso pakhomo pake. Princess ndimamutumizira zofunika kudzera kwa anthu, mwana wosalakwa amene dzina lake ndinalisandutsa chingwe chondimangira pakamwa.

Luwiza sanandithamangitse, ngakhale mudzi ndi wakwawo ndipo akanatha kundiponyera katundu panja. Anakhala mwezi wathunthu osandilankhula. Tsiku lina m'mawa ndinamupeza akupukuta makina a Thandiwe, amene tinakawatenga. Analankhula osanditembenukira.

"Mukanandiuza za Keziya, ndikanalira. Ndikanakutukwanani, mwina ndikanakupirikitsani. Mwezi, chaka, zikanatha. Anthu akanakusekani n'kutopa. Koma Thandi bwenzi ali pamakina pano." Anapukutabe. "Munaika manyazi anu mbali ino, mwana wanga mbali iyo, manyazi anu n'kulemera."

Anasiya kupukuta, n'kupitiriza kulankhula.

"Ndipo ndinaona, mukudziwa? Masabata atatu onse simunavule magalasi. Ana a eni munkawadikirira mpaka miyendo kutiwawa. Wanu simunamudikirire. Ine chitsiru ndinkati ndi chisangalalo."

Abale anga owerenga, ine ndinkaganiza kuti chenjezo la Mulungu limabwera ndi bingu, ndipo ndinkati likadzabwera lotero ndidzamvera. Kwa ine linabwera ndi mawu a abusa otuluka thukuta, ndi mkazi wanga atagwira tsache, ndi mlendo wotsika pakabaza. Silinandikakamize. Nthawi iliyonse linkangofunsa n'kudikira, monga ndinkachitira ine ndi ana a eni, ndipo nthawi iliyonse ndinkati ndiyankha mawa. Chimene sindinkadziwa n'choti mlonda akakhala chete, lupanga siligwera iye. Limagwera amene amagona mwamtendere chifukwa akudziwa kuti bambo awo ali pamwamba pa linga.

Ngati pali chimene mukudziwa, ndipo mukuchisunga chifukwa chikatuluka chitulutsanso chanu, chitulutseni. Manyazi ndawalawa tsopano, onse amene ndinkawaopa aja, mpaka kutsikiritsa. Amawawa, koma munthu amadzuka nawo m'mawa, amalima nawo, amadya nawo. Ndikanawasenza kalekale pamtengo wotsika.

Amati Mulungu amakhululuka, ndipo ndimakhulupirira, chifukwa ndikapanda kukhulupirira ndilibe kwina kopita. Ndimapitabe kutchalitchi, ndimakhala benchi yomaliza pafupi ndi chitseko. Mlembi watsopano ndi mayi wina amene anali mukwaya limodzi ndi Thandiwe. Akafika pa funso lija amaika pepala pagome, n'kuyang'ana mpingo benchi ndi benchi, ndipo amadikira nthawi yaitali kuposa mmene ndinkadikirira ine. Anthu amati muli chete m'tchalitchimo. Kwa ine simukhala chete. Ndimamva mwana wanga akundifunsa, mwaulemu monga mwa masiku onse:

"Ababa, inunso mukuti ndibwerere?"